Mwala Wobiriwira ndi Nkhuku za Apongozi

Nyama ya nkhuku ndinasiya kudya, ndipo anthu amayesa anandiletsa ndi asing'anga. Ayi ndithu, ndi manyazi. Ambiri amene anaona nkhaniyi anatsikira kale kuli chete, ndiye lero ndiulule ndekha, chifukwa otsalawo akamaifotokoza amathira mchere wambiri.

Ndinabwerako ku Joni nkhondo yachiwiri ya azungu isanayambe. Anzanga ankakumba golide, koma ine ndinagwera ku kamgodi kena kumpoto kwa dzikolo, kumene tinkaphwanya miyala yakuda kufunafuna timiyala tobiriwira totchedwa emerodi. Kapitawo wathu, mkulu wosatseka pakamwa, ankati mafumu akale a ku Iguputo, kwa Farao kuja, ankaufera mwala umenewu, ndipo kamodzi kokha konga njere ya chimanga kangadzaze khola ndi ng'ombe. Ankatinso weniweni umadziwika ndi timing'alu ta m'kati mwake. Ukaona wosalala wopanda chilema, dziwa kuti ndi botolo. (Mawu amenewa amanditonthoza mpaka lero ndikadziyang'ana pagalasi.)

Pachipata ankatisecha m'tsitsi, m'makutu, mpaka kunsi kwa lilime. M'mene ndinakatulutsira kanga sindinena. Ingodziwani kuti kanayenda masiku awiri mumdima, ndipo pambuyo pake ndinakatsuka bwinobwino.

Ndinali mkamwini m'mudzi wina kufupi ndi Namitete, kwawo kwa mkazi wanga Nabanda, pamene kwathu ndi ku Nsaru. Chimene mtima wanga unkalira ndi chitengwa basi, kuti anditulire mkaziyo ndipite naye kwathu, ndileke kulimira apongozi ndi kuyenda monyang'ama pamudzi wa eni. Ndinakonza zoti tikatha kukolola ndikagulitse mwalawo ku Lilongwe, ndigule ng'ombe, ndiye ankhoswe akapemphe chitengwa atatukula mutu. Nabanda sindinamuuze. Si kuti sindinkamukhulupirira, koma ankawakonda kwambiri mayi ake.

Tsiku lina anthu ali kumunda ndinakatulutsa kamwalako, n'kukapaka mafuta a nsatsi monga ankachitira azungu pobisa ming'alu, n'kukaika pamtondo wovundikira kuti ndikaone padzuwa. Kubiriwira kwake, abale! Ngati tsamba la chimanga mvula itangokata. Ndili m'kati mowerenga ng'ombe zanga za m'mutu, ndinamva chifuwa chimene ndinkachidziwa bwino. Apongozi.

Achinyamata a lero simungamvetse. Masiku amenewo mkamwini sankaonana maso ndi maso ndi apongozi ake aakazi, kulankhulana ndiye ayi. Mukakumana panjira unkalowa patchire, kaya pali chitedze. Choncho miyendo inathawa yokha mutu usanaganize, ndipo ndinapezeka ndanyonyomala kuseri kwa nkhokwe, mwala nditausiya. Posuzumira kunsi kwa nkhokweyo ndinangoona mapazi a apongozi ndi miyendo ya nkhuku zawo khumi ndi ziwiri, zimene zinkawatsata kulikonse. Ndinamva mapiko akugunda pamtondo, apongozi n'kuti, "Shii! Mbava inu!" Atapita ndinathamangirako. Pamtondo panalibe kanthu.

Ng'ombe zanga zonse zinali m'mimba mwa nkhuku, koma iti?

Ndinayamba ndi njira yaulemu. Popeza ndinkadziwa, mwa zina ndi zina, kuti chomezedwa chimatuluka, ndinatenga kamtengo n'kuyamba kuzilondola. Nkhuku ikangoima n'kukweza chipsepse, ine ndafika kale. Masiku anayi ndinafukula zitosi za pamudzi ponse, ine munthu wovala jekete la ku Joni. Tsiku lachisanu Nabanda anandipeza nditagwada pansi pa khola.

"Kodi abambo, mwatayanji pamenepo?"

"Ndikuona ngati zili ndi njoka zam'mimba."

"Kuchitsime akuti munabwera ndi zitsamba kuchokera ku Joni, ndiye chizimba chake ndi zitosi. Zoona eti?"

Ndinaleka, koma mbiri inali itapita kale. Ana ankathawa akandiona.

Apo m'pamene ndinakumbukira kuti miyala imene nkhuku imameza imatsakamira mu nthutumba. Ndiye kuti nkhukuzo zinayenera kufa. Koma mkamwini kugwira nkhuku ya apongozi, ndiye kuti wamanga kale mphasa yake. Nzeru inabwera: mlendo amaphedwera nkhuku. Ndinatumiza mawu ku Nsaru kuti ndawasowa abale. Anabwera amalume anga, inafa imodzi. Anabwera mnzanga wa ku Joni, inafa ina. Ndinaitana mpaka munthu wina wa ku Msundwe amene tinangokwera naye lole limodzi, dzina lake ndinachita kumufunsa pakhomo. Vuto linali loti nkhuku ankakonza ndi azimayi kuseri kwa nyumba, kumene mwamuna safika, ndipo nthutumba inkabwera pambale ya mlendo itatsukidwa kale. Alendo akamatsanzika, ine ndinali kudzala kufukula matumbo, kulimbirana ndi agalu. Nkhuku zitatu, mwala osaoneka, ndipo apongozi anayamba kudandaula mokweza kuti mkamwini wawo ali ndi abale ambiri kuposa chiswe.

Tsopano mverani uchitsiru weniweni. (Pano ndiye Satana anandigwira dzanja, ngakhale ndikukayika ngati iyeyo akanafika poganiza zotere.) Kwa aneba kunali mowa wa dima, wofululira anthu odzathandiza kulima. Ndinakapempha masese, n'kuwathira kachasu pang'ono, n'kusakaniza ndi gaga, n'kuziikira nkhuku zisanu ndi zinayi zotsalazo. Pofika masana zinali dzandidzandi, mapiko pansi, makosi opindika. Tambala anayesa kulira n'kugwa chagada.

"Chitopa!" ndinakuwa, nkhope ili yachisoni. "Nabanda, kawauze amayi. Ku Joni zikatere timapha zonse msanga, nyama isanaonongeke."

Mipeni inatuluka. Ndinadzipereka kuti matumbo ndikakwirira ndekha kutali, kuopa kuti matenda angafale, ndipo kwa nthawi yoyamba anthu anandiyamikira. Ndinang'amba nthutumba zisanu ndi zitatu kuseri kwa chulu. Ndinapeza mchenga, timiyala toyera, ndi batani limodzi. Inatsala ya tambala, amene anali atakwawira pansi pa nkhokwe osaoneka. Ndikubwerera kuti ndikamusake, ndinamumva akulira kokoliliko, mawu ali gwa, mowa utamuthera. Nthawi yomweyo mayi wina amene ankasosola nthenga ananunkhiza chithokomiro cha nkhuku yake n'kunena kuti, "Anthuni, chitopa chimenechi chikununkha kachasu."

M'mawa mwake panali bwalo. Anakhala amalume a Nabanda, amene anali eni mbumba, ankhoswe a mbali zonse, ndi apongozi chapatali atatifulatira monga mwa mwambo. Mphasa yanga ndi jekete zinali zitaikidwa kale panja.

"Mkamwini," anatero eni mbumba, "zitosi tinakhala chete. Alendo tinakhala chete. Lero mwaledzeretsa nkhuku. Tiuzeni chimene mukukhwimira, apo ayi njira ya ku Nsaru mukuidziwa."

Ndinayang'ana Nabanda, misozi ili mbwembwembwe m'maso mwake, ndipo ndinaona kuti mkazi ndimutaya chifukwa cha kamwala. Ndinaulula zonse, za Farao, za ming'alu, za ng'ombe, za mtondo. (Za ulendo wa masiku awiri uja ndinadumpha.) Ndinamaliza ndi kupempha kuti tambala aphedwe, ng'ombe tigawane.

Apongozi anatsokomola. Analankhula kwa ankhoswe, nkhope ili kutchire.

"Afunseni bambowo. Akunena kagalasi kobiriwira, kamafutamafuta, kanali pamtondo?"

"Eya, komweko!" ndinayankha, kuiwala kuti sakufunsa ine.

"Kameneko ndinatola ndine. Ndinaona kuti n'kachibenthu ka botolo, kong'alukang'aluka, ndiye ndinati nkhuku zanga zingameze n'kufa. Ndinakaponya m'chimbudzi."

Chimbudzi chimenecho ndinakumba ndine ndemwe, boma litalamula kuti khomo lililonse likhale nacho. Pofuna kuonetsa apongozi mphamvu, ndinachikumba chakuya kuposa zonse m'mudzimo, mwaukatswiri wa kumgodi.

Anthu anaseka mpaka ena kugona pansi. Eni mbumba, akupukuta misozi, anati munthu wopusa chotere sangakhale mfiti, ndipo mphasa yanga inabwerera m'nyumba. Chigamulo chinali choti ndibweze nkhuku zonse, ndipo za chitengwa ndisadzatchule mpaka zitakwana. Nabanda sanandilankhule sabata yathunthu, kenaka anangoti, "Mukanandiuza ine, ndikanawafunsa amayi tsiku lomwelo, kasanapite pansi." Zinandiwawa chifukwa zinali zoona.

Chimbudzicho chitadzadza tinachikwirira, ndipo ndinabzalapo nthochi kuti malowo asandisokonekere. Patapita zaka zingapo, nkhuku nditabweza, eni mbumba anandiitana okha.

"Mkamwini, mwatumikira mokwanira. Mutengeni mkazi wanu muzipita ku Nsaru."

Ndinayang'ana nthochi ija, masamba ake ali biriwiri kuposa nthochi zonse za m'mudzimo. Ndinawathokoza kwambiri, n'kuwauza kuti pamudzi pano ndinapazolowera.

Ndikadali pompano. Anthu amati palibe mkamwini wokonda kwawo kwa mkazi ngati ine, ndipo sindiwatsutsa. Khasu lokha ndimasunga lakuthwa.