Chitseko pa Wilibala

Lolemba

Taonga wabwera kunyumba 10 koloko isanakwane. Yunifomu yosada, chikwama kumsana, kalata m'manja. Sakudwala. Ndamugwira pamphumi kawiri.

Kalata ikuti kholo libwere mawa. Mwana asapondenso m'kalasi mpaka atapepesa pamaso pa sukulu yonse. Ndipo mayeso oyesera a Giredi 7 akuyamba Lolemba likudzali!

Nkhani yake ili chonchi. Pasukulu pawo, Lolemba lililonse pa asembule, mwana mmodzi amawerenga nkhani za m'dziko: mvula, mpira, kusamba m'manja. Chaka chino anasankha mwana wanga chifukwa mawu ake amafika mpaka kugeti. Ndinanyada. Ndinauza aliyense pamsewu pomwe timawotcherera mageti kuno ku Kalingalinga. Ndiye lero, atamaliza za mpira, wapinda pepala n'kuwonjezera zake: "Tsopano nkhani za pano pasukulu. Zimbudzi za atsikana zilibe zitseko kuyambira temu yatha. Timatchingirana ndi chitenje. Chimbudzi cha aphunzitsi chili ndi chitseko ndi loko, kiyi ili m'chikwama cha ba Deputi. Nkhani zathera pamenepa."

Ana awomba m'manja. Vuto lagona pamenepo, pa kuwomba m'manjapo.

Ndamufunsa kuti wakutuma ndani. Akuti: "Palibe, Adadi. Ni nyuzi."

Ine ndinalekera Giredi 5. Kalata ya sukulu imanditulutsa thukuta kuposa moto wa makina. Mwana uyu akaphonya mayeso, adzathera pambali panga pano, kundigwirira zitsulo. Ayi. Osati wanga.

Ndakhala, ndaimirira, ndazungulira nyumba kawiri. Pulani yabwera:

1. Taonga atseke pakamwa mpaka Lachisanu.
2. Alembe "pepani", liwu limodzi, osawonjezera.
3. Ine ndipange chitseko. Chitseko chikakhalapo, nkhani yoti chitseko palibe yafa yokha.

Nambala 3 ndaiganiza ndekha. Ndi yabwino kwambiri.

Lachiwiri

Jekete la kutchalitchi. Nsapato zopolisha. Maola awiri pa benchi la ana olakwa kunja kwa ofesi, mawondo afika kuchibwano.

Ba Hedi ndi munthu wofatsa, sakuwa. Bola akanakuwa. Akuti: "Ufulu wokamba ulipo, atate ake Taonga, koma uli na malire. Asembule si msika. Ndipo sitichula munthu pamaso pa bana." Ndikugwedeza mutu. Akuti ba Deputi, wachiwiri wawo, analira mu ofesi dzulo, kiyi amasunga chifukwa anauzidwa kusunga. Ndikugwedeza mutu. Akuti dandaulo lili ndi njira yake, limadutsa kwa mphunzitsi wa kalasi, kapena m'kalata. Ndagwedeza mpaka khosi kuwawa.

Ndafunsa funso limodzi lokha: khomo la chimbudzicho ndi lalikulu bwanji? Ndatulutsa tepi m'thumba. Andiyang'ana ngati ndatulutsa njoka. "Mwamuna simungangene kuja."

Chabwino. Kunyumba ndayeza Taonga m'malo mwa khomo. Ndamuuza atambasule manja monga amachitira potchingira mnzake chitenje. M'lifupi ndapeza. Nanga kutalika? "Mpaka pamene ba Deputi bangagunde mutu." Mwamva? Pakamwa pamenepo!

Nambala 1 yagwa kale. Ndamupatsa mbale atsuke, akulankhula. Ndamupatsa nyemba asankhe, akulankhula. Kenako wabweretsa buku lake la za boma ndi anthu, lomwe amalitcha Sosho, tsamba lopindidwa kale: "Adadi, apa balemba ati mwana aliyense ali na ufulu wokamba maganizo yake. Vizabwera pa mayeso."

Ndiye kuti:
- akalemba zimenezi pa mayeso, amupatsa malikisi
- akazichita pa asembule, amuthamangitsa
- buku ndi asembule ndi za sukulu imodzi

Mutu ukuwawa. Magetsi kulibe kuyambira m'mawa, sindinawotcherere ngakhale msomali.

Lachitatu

Magetsi abwera 2 koloko masana. Ndathamanga ngati wakuba. Geti la kasitomala wa ku Kaunda Square ndalikankhira pambali, adikire. Felemu, lata, mahinjesi atatu, kachitsulo kotsekera mkati. Chitseko chenicheni. Ngakhale buluzi sangasuzumire.

Ba Mulenga, omwe timabwerekana nawo makina, anakulira kumigodi ndipo malamulo onse a dziko ali m'mutu mwawo, kupatula lamulo lobweza sipanala. Atate a mwana iwo amati bashi. "Bashi Taonga, uyu mwana ni loya! Asapepese. Yendani ku wailesi!" Ku wailesi! Ine ndikufuna mwana alowe m'kalasi, iwo akufuna ndimveke mpaka ku Chipata.

Madzulo, kalata yopepesa. Taonga walemba katatu.

Yoyamba: "Pepani kuti zimbudzi zilibe zitseko." Ndang'amba.

Yachiwiri: "Pepani kuti munamva." Ndang'amba.

Yachitatu: "Pepani kuti ndinawerenga nkhani pa nthawi ya nkhani." Iyi ndinatsala pang'ono kuipinda mu emvulopu. Ndaiwerenganso. Ndang'amba.

Amake akusadzula chibwabwa, masamba a maungu, osatukula mutu: "Mwana wanama?" Ayi. "Nanga apepese chani?" Apepese basi! Ine ndimapepesa tsiku ndi tsiku: kwa kasitomala wochedwa yekha, kwa kondakitala wondiponda phazi, kwa eni nyumba denga lawo likadontha. Ndafa?

Akuti: "Tikuona." Sindikudziwa akuona chiyani.

Ndapaka chitseko penti ya buluu, ya mtundu wa yunifomu. Ndikutuluka mphindi iliyonse kukagwira ngati yauma. Zala zonse zabuluu.

Lachinayi

Sindikufuna kulemba za lero. Ndilemba.

Pulani inali yoti chitseko pa wilibala, njira ya kuseri, kusiya kwa mlonda, kubwerera. Mwakachetechete. Koma chitseko cha buluu pa wilibala sichiyenda mwakachetechete. Teyala likulira kwii kwii. Njira ya kuseri yadzaza madzi, ndadutsa pamsika.

"Chitseko cha kuti icho?" Ndikanati cha kasitomala. Bwanji sindinatero? Ndati cha chimbudzi cha kusukulu. Mayi wa tomato waponya mbale: "Aah, ndimwe atate ake uja wa nyuzi! Wanga amasunga mikozo mpaka kunyumba!" Wasiyira mnzake tebulo. Wa makala naye. Wa vitumbuwa naye, ndi beseni lake pamutu. Pofika pageti la sukulu, kumbuyo kwanga kuli azimayi oti n'kudzaza minibasi, mmodzi akululuta, wina wakweza foni m'mwamba. Ine sindinaitane munthu!

Nthawi ya buleki. Ana onse pa waya: "Chi-tse-ko! Chi-tse-ko!"

Mlonda watseka geti. Geti limenelo ndinalikonza ine chaka chatha, ndiye ndikudziwa kuti kulikankha n'kutaya nthawi.

Ba Hedi atuluka. Lero akuwa. "Mwana akamba pa asembule, atate babwera na chionetsero!" Ndati si chionetsero, ndi chitseko. Akuti katundu salowa pasukulu ya boma popanda kalata ya ku ofesi. Akutinso akachilandira lero pamaso pa anthu, mawa aliyense adzaganiza kuti njira yodandaulira ndi kukuwa. Ndati ndichisiye pansi pa mtengo. Ayi. Kuseri kwa waya? Ayi. Ndingomangirira ine ndekha Loweruka kulibe ana? Ayi, ayi, ayi.

Kubwerera nacho. Kwii kwii. Azimayi aja abalalika, palibe wondithandiza kukankha pa matope.

Kunyumba Taonga wachizungulira, wagogoda, wayesa kotsekera. "Chabwino maningi, Adadi. Koma vimbuzi vili sikisi."

Zisanu ndi chimodzi! Sabata yonse akulankhula, ichi chokha ndiye sananene. Akuti: "Simunafunse."

Lachisanu

Lero ndiye tsiku lomwe nkhani imayenera kutha.

Foni ikunjenjemera kuyambira m'mamawa. Kanema wa dzulo ali pa gulu la makolo la pafoni. Ndikuoneka thukuta kamukamu, ovololo yong'ambika pa bondo, kukamwa kuli yasa. Pansi pake alemba:
- wina akuti ndine ngwazi
- wina akuti andituma andale, akufunsa chipani
- wina akufuna geti ngati la kusukulu (ndamuyankha)
- wina akuti ba Deputi anazula okha zitseko n'kukaika pa nyumba zawo ku Mtendere

Lomalizali ndi bodza. Zitseko zinali zamatabwa, zinawola ndi madzi, Taonga anaziona zikugwa chimodzichimodzi. Koma bodza likuthamanga kuposa wilibala yanga. Anthu akuvomereza, akuwonjezera, wina akuti anaziona ndi maso.

Taonga wawerenga. Koyamba sabata ino wakhala chete, ndipo ine sindikukondwa. Wakhala pa mwala panja, chakudya osachikhudza. Kenako: "Ine sininakambe ati ni bakawalala. Ninakamba chabe kiyi."

Ndamuuza zomwe ndikudziwa. Powotcherera, timoto timathetheka. Iwe uli pa ntchito yako yabwinobwino apa, koma chokapsa ndi chovala cha mnzako choyanika uko. Ndiye umayang'ana kaye amene ali pafupi. Wandimvera mpaka kumaliza. Sizinachitikepo.

Walemba yachinayi yekha, osauzidwa: "Ba Deputi, pepani kuti ndinatchula inu ndi chikwama chanu pagulu. Simunabe kanthu. Za zitseko sindipepesa." Ndamupempha afufute mzere womaliza. Ndamulonjeza soseji. Ndagwada pang'ono, bondo limodzi. Wakana.

Uthenga wa kusukulu: msonkhano wa makolo mawa 9 koloko, "makamaka atate ake Taonga". Makamaka!

Mayeso ndi Lolemba. Mwana akadali panja. Ndapolishanso nsapato zopolisha kale.

Loweruka

Ndaloweza m'njira: "Pepani ba Hedi, pepani ba Deputi, mwana ndi mwana." Kenako kukhala pansi. Basi. Ndabwereza kuyambira pakhomo mpaka pageti.

Kalasi yadzaza. Makolo tapanikizana m'madesiki a ana. Ba Mulenga abwera, ngakhale ana awo amaphunzira kwina.

Taonga wawerenga kalata yake, ndi mzere womaliza womwe. Ba Deputi ayankha: "Namvela, mwana wanga." Akuti iwonso analembera ku ofesi za zitseko zomwezo katatu konse, mwaulemu, m'njira yoyenera. Yankho mpaka lero.

Ba Hedi atembenukira kwa ine. "Atate ake, muvomera kuti mwana analakwisa vonse?"

Ndaimirira. Desiki yandigwira bondo. Pepani ali pa lilime. Ndipo pakamwa panga, panga pomwe, patuluka: "Zonse ayi. Zitseko kulibe."

Ndikanakhala pansi pamenepo. Ayi ndithu. Ndapitiriza: kuti matabwa pa madzi sakhalitsa, kuti pafunika chitsulo, kuti mahinjesi akhale atatu osati awiri. Kuti mwana wanga wakhala akukana tiyi m'mawa kuyambira temu yatha, ine n'kumamukalipira kuti ndi matama, osadziwa kuti akuopa chimbudzi cha kusukulu. Amake akundikoka jekete. Ine osamva. Ndalankhula nthawi yaitali bwanji sindikudziwa, koma ba Mulenga omwe anayang'ana wotchi.

Zomwe agwirizana:

1. Taonga alemba mayeso Lolemba.
2. Pa zowerenga nkhani amuchotsa. Wowerenga watsopano azionetsa kaye pepala kwa aphunzitsi, ndipo osawonjezera za m'mutu.
3. Wolemba bodza pa gulu afufute ndi kupepesa. Watuluka msanga, akuti kukayankha foni.
4. Chitseko changa chidikire kalata ya ku ofesi.
5. Pakhale komiti ya zitseko. Wapampando ine. Wotchula dzina langa ndi ba Mulenga. Manja akwera ndisanatsegule pakamwa, nthawi yokhayo yomwe ndimafunika kulankhula!

Lamulungu

Yunifomu yasitidwa. Mapensulo awiri asongoledwa. Mawa alowa m'kalasi. Ndi zomwe ndimafuna, ndiye ndisadandaule.

Komabe. Chitseko chatsamira khoma kuseri, nkhuku za aneba zikubisala mvula pansi pake. Wa ku Kaunda Square waimba kanayi. Kutchalitchi anthu ayamba kunditcha ba Chitseko, ndi akulu ampingo omwe. Zitseko zina zisanu zikundidikira, ndi kalata yomwe palibe akudziwa kuti idzabwera liti.

Taonga walira pang'ono za asembule. Ankakonda kuima patsogolo paja. Ndamuuza kuti mwina ndi bwino, mawu apumeko, aganizire mayeso. Wapukuta maso ndi mkono, wafunsa kuti ofesi yosayankha ba Deputi ija ili kuti. Ndati sindikudziwa. Akuti afunsa ba Deputi mawa akamaliza pepala loyamba. Akuti ba Hedi ananena okha kuti dandaulo lizidutsa m'kalata, ndiye iye alemba kalata, atsikana onse a Giredi 7 asayine. Akuti satchula munthu, alemba zokhazo zomwe anaona ndi maso ake.

Ndayang'ana amake. Amake akuyang'ana kudenga.

Ndasakasaka chifukwa chomuletsera. Sindikuchipeza. Ndatopa.

"Adadi, nipempako pepala."

Ndang'amba m'buku lino. Awiri. Limodzi silingamukwane.