Bulugama Amene Anagwera Tiyirumu ya Mayi Nampinga

Pali milandu ina imene munthu amaikamba akuseka, koma atayang'ana kaye amene akumvetsera. Wangawu ndi umodzi mwa imeneyo. Ndausunga zaka zambiri, ndipo ndikuulula lero chifukwa amene akanandinyamula ambiri anatsogola kale.

Zinali zaka zija za chipani chimodzi, pamene munthu sunkalowa mumsika wa Nkando usanaonetse khadi la chipani. Ine ndinali mkamwini, mwana mmodzi dzina lake Feresi, wachiwiri ali m'njira. Malo a akazi anga ankachita malire ndi a mayi Nampinga, mayi wamasiye amene anali ndi katiyirumu m'mbali mwa msewu. Pamalire penipenipo panali bulugama wamtali, woongoka bwino. Ndikamuyang'ana sindinkaona mtengo ayi, ndinkaona zitseko ndi mafelemu a nyumba imene ndinkalota kumanga.

Ndinafunsa akazi anga kuti mtengowo ndi wa yani. Anati, "Kaya, ine ndinaupeza ulipo. Kafunseni amalume." Sindinapite. (Ndinkaopa kuti akandiyankha zimene sindinkafuna kumva.)

Lolemba lina mayi Nampinga anatseka tiyirumu n'kupita kumaliro ku Thuchila. Ndinabwereka nkhwangwa. Apa ndinene zoona, ndinali ndisanagwetsepo mtengo woposa nthochi. Ndinatema mbali ya kwathu kuti ugwere m'munda mwathu, ndinatema mpaka manja anatuluka matuza. Utatsala pang'ono, kunabwera kamphepo kochokera kuphiri. Mtengo unaima kaye ngati ukuganiza, kenaka unapotoloka pang'onopang'ono, n'kukagona pa tiyirumu.

Fumbi litatha ndinalowera pamene panagumuka khoma. Malata anayi anali atapindika, makapu ataphwanyika, ketulo itaphwatalala. Zonsezo sizinandiopse kwenikweni. Chimene chinandiopsa chinali pansi, chafufumimba pakati pa zidina: chithunzi chija cha mtsogoleri wa dziko, chimene sitolo iliyonse ndi tiyirumu iliyonse inkayenera kupachika pamwamba pa china chilichonse. Akuluakulu mukuchidziwa. Nditachitembenuza, galasi linali litang'aluka kuyambira pamphumi mpaka pa tayi.

Achinyamata a lero simungamvetse. Masiku amenewo munthu ankatha kusowa chifukwa cha mawu olankhula pa mowa, abale osadziwa n'komwe kumene wapita. Nanga ine woswa nkhope ndi nkhwangwa?

Ndinachilowetsa m'malaya n'kuthamangira kunyumba. (Mukuona, m'mawa ndinali wowononga chabe, pofika masana ndinali wakubanso.) Ndinachiika pansi pa mphasa. Akazi anga atachipeza anagwira pakamwa.

"Inu bambo a Feresi, mukufuna tizimugonera?"

Ndinachisamutsira m'khola la nkhuku.

"Nanga nkhuku zikachitirapo chitosi mudzakanena chiyani?"

Pomaliza ndinachikulunga m'thumba n'kuchikwirira m'nkhokwe, pansi pa chimanga.

Mayi Nampinga anabwera tsiku lotsatira dzuwa lili pamutu. Anaima manja ali m'chiuno, osakuwa, osatukwana. Anangoti, "Bambo a Feresi, mwagwiratu ntchito."

Ndinagwada. "Pepani mayi. Ndikupatsani nkhuku ziwiri, ndipo nthambi zonsezi mutenge zikhale nkhuni zanu."

"Nthambi za mtengo wa yani?"

Analowa m'kati. Ndinamva akusuntha zidina, akufukula, akufukulanso. Potuluka nkhope yawo inali itasintha. Anandiyang'ana nthawi yaitali, ine maso pansi, kenaka anachoka. Mumtima ndinati basi, apita kukanena.

Lachinayi anyamata a chipani a malaya ofiira analowa m'mudzi. Ndinawaona akukhotera kwathu. Mkulu wawo anati, "Khadi, bambo." Langa linali m'thumba, koma ndinagula lina. Ndinagulanso la akazi anga, n'kuwonjezera la mwana wa m'mimba asanandifunse. Anachoka akundiyamikira kuti ndine munthu wokonda dziko, ataimatu mikono iwiri kuchokera pankhokwe paja. Sabata imeneyo ndinaganizapo zokwera basi ya ku Muloza n'kuolokera ku Milange, kutsidya kwa malire, kumene kunali nkhondo ndipo anthu ankathawira kuno. Ine ndekha ndinkafuna kuthawira uko.

Kenaka mesenjala wa khoti anabwera pa njinga ndi samani. Posadziwa bwino kuwerenga zolemba za makalaliki, ndinamufunsa kuti mlandu ndi wotani. Anati, "Mukamva komweko." Ndinatsazika akazi anga ngati wopita ku Joni. Ndinawauzanso kumene ndinkabisa mbewu ya nandolo.

Tcheyamani wa khoti anali bambo wachikulire, wa mandala, wolankhula mofatsa. Mboni yoyamba inali amalume a akazi anga, amene ananena mosazungulira kuti bulugamayo anadzala ndi malemu a Mukhito, amuna awo a mayi Nampinga, ndipo kuti mkamwini uyu sanafunse munthu. (Ndinkayesa abwera kudzandithandiza.)

Atcheyamani anafunsa wodandaula chimene akufuna.

"Ndalama sindikuzifuna, bwana," anatero mayi Nampinga. "Ndalama ndidya zitha, khoma likhala chigumukire. Amange ndi manja awo. Agule malata, makapu ndi ketulo. Mtengo ndi wanga, aucheke matabwa andipatse."

Atcheyamani anavomera. Anati wowononga chinthu cha mnzake amachibwezera mmene chinalili, ndipo poti tiyirumu yakhala yotseka, ndiperekenso thumba la nandolo m'malo mwa malonda amene anatayika. Anandiletsanso kufika ndi nkhwangwa pamalirepo popanda mabanja onse awiri kugwirizana. Ine ndinkangoti inde bwana, inde bwana, khutu likudikira mawu amodzi okha. Sanatchulidwe. Kalaliki anayamba kutseka buku.

Ndiye atcheyamani anandiyang'ana pamwamba pa mandala. "Bambo, pali china chimene munawononga chimene sichinatchulidwe pano?"

Linali funso la mwambo chabe, ankafunsa aliyense. Koma kumbuyo kunakhala mnyamata wina wa malaya ofiira (ndinamva pambuyo pake kuti anadzera mlandu wake wa mimba), ndipo ine ndinati basi akudziwa, akungondiyesa. Ndinamva pakamwa panga pakulankhula pokha.

"Chithunzi, bwana."

Kalaliki anasiya kutseka buku. Wina amene anakhala pafupi nane anasuntha pa benchi.

"Chithunzi cha yani?"

Thukuta linkatsika m'miyendo, ndipo ndikukhulupirira kuti linali thukuta. Apo mayi Nampinga anadzambatuka.

"Cha malemu amuna anga, bwana! Chinali pakhoma. Sindinafune kuchitchula, chimandikumbutsa zambiri." Anaphimba nkhope ndi mpango n'kuyamba kulira, kulira kwenikweni kwa misozi.

Atcheyamani anawayang'ana, anandiyang'ana ine, n'kuvula mandala kuwapukuta nthawi yaitali. Mpaka lero ndimakhulupirira kuti bambo amene uja anamvetsa zonse. Atawavalanso anati, "Khoma limamangika, kapu imagulika. Chithunzi cha malemu simungachipeze m'sitolo. Wolakwa apereke mbuzi imodzi yaikazi ya chipepeso. Mlandu watha."

Panja mayi Nampinga anandikokera kuseri kwa mtengo wa mango, misozi itauma kale.

"Kodi mutu wanu umagwira? Mumayesa akanatenga inu nokha? Akanandifunsa ine kuti ndinachisamala bwanji, nanga chitasowa bwanji sindinakanene. Sabata ziwiri sindikudya chifukwa cha inu. Chibwere lero, m'dengu, muthire chimanga pamwamba."

"Chibwera, mayi. Nanga za mbuzizi, poti nonse tikudziwa kuti..."

"Mbuzi wagamula ndi khoti. Kapena tibwerere mukawafotokozere bwinobwino?"

Sitinabwerere. Mudzi wonse unkadziwa kuti a Mukhito anamwalira asanaimepo kutsogolo kwa kamera, koma panalibe amene anatsegula pakamwa. Akazi anga anasenza dengu lija madzulo omwewo. Galasi latsopano anakadulitsa okha mayi Nampinga kwa kalipentala wina wosafunsa mafunso, ndipo tsiku limene ndinamaliza khoma chithunzi chinabwerera pamsomali pake, chikununkha anankafumbwe pang'ono.

Khomalo linanditengera sabata zitatu, kucheka matabwa mwezi wathunthu. Mbuzi ndinaigula titagulitsa chinangwa chonse cha chaka chimenecho. Inali mbuzi yabwino, inkaswa awiriawiri, ndipo ana ake anakulira m'munda mwanga, akudya nandolo wanga chaka ndi chaka. Anzanga ankati ndikasume, mlandu wake ndi woonekeratu, ndikapambana. Ndinkavomereza kuti akunena zoona. Koma ndikakumbukira kuti kukhoti amafunsa munthu ngati pali china, ndinkangothyola kanthambi n'kuziperekeza mbuzizo mwaulemu mpaka pakhomo pa eni ake.