Ndinapatukira mayi wa m'magalasi

Ine, bambo wa ana anayi, amene ndimawerenga chilichonse mpaka kapepala ka m'bokosi la mankhwala, ndinagwera m'beseni la zovala dzuwa likuswa mtengo pa Kawale, chifukwa chopatukira munthu woti kulibe.

Mayi a kunyumba kwanga kwawo ndi ku Mulanje. Chidwalireni sitiroko chaka chatha sayenda mtunda, ndipo kuseka kunawathawa. Amangokhala pakhonde, mwina n'kunena okha kuti, "Kaya phiri lija ndidzalionanso." Mawu amenewo amandilasa, poti ulendo wa basi wautali chotero thupi lawo silingaupirire.

Loweruka lina mwana wathu woyamba, Tadala, amene amagulitsa mafoni m'tauni, anabwera ndi kabokosi kokhala ndi lamba. Anati ndi magalasi: ukavala, umaona ngati uli komweko. Anali ataikamo kanema wa minda ya tiyi.

"Amama, valani muone kwanu."

"Zindiphulitse maso? Ayambe abambo akowa, si paja amadziwa zonse."

Ndinavomera monyadira. Zinthuzi ndinali nditaziwerengapo (m'nyuzipepala yokulungira chipisi, ndipo theka la nkhaniyo linali litadyedwa ndi mafuta).

"Adadi, lamulo ndi limodzi," anatero Tadala akundimanga lamba. "Musaimirire."

Abale, Kawale yense anasowa! Ndinapezeka pa kanjira kakang'ono pakati pa tiyi wobiriwira, phiri lili apo, nkhungu itakhala pamutu pake. Ndinayamba kufotokoza mokweza ngati muulutsi wa mpira. Posakhalitsa kutsogolo kunatulukira mayi wachikulire, dengu lalikulu kumsana, akubwera molunjika pa ine.

Tsono ine ndinaleredwa. Munthu wamkulu ali ndi katundu, iwe n'kungokhala pampando pakati pa njira? Ndinadzuka, n'kuomba m'manja. "Pepani mayi, dutsani." N'kupatukira kumanzere.

Ku Mulanje, kumanzereko kunali tiyi. Ku Kawale kunali mathero a khonde, ndi beseni limene ndinanyikamo zovala ndekha m'mawa.

Khuvu! Posaka pogwira ndinakoka chingwe choyanikira, ndipo nsalu za makasitomala a Che Bwanali, telala woyandikana nafe nyumba, zinandivundikira zonse. Magalasi anali akadali kumaso, moti ndinkamuonabe mayi uja akudutsa (osathokoza n'komwe).

Kenaka ndinamva phokoso limene ndinali nditaliiwala. Mayi a Tadala ankaseka. Kuseka kwenikweni, kwa misozi, dzanja lawo labwinolo likumenya mpando.

"Bambo a Tadala, mpaka kupepesa! Iwe, bweretsa kuno ndimuone mkazi wagwetsa mwamuna wangayo."

Anavala. Kuseka kuja kunazilala pang'onopang'ono. Kenaka anayankhula chapansipansi: "Phiri lija ndi lomweli. Silinasinthe."

Mukafunsa ngati ndinatolapo phunziro, ndikaika. Mayi uja atabweranso ndi dengu lake, ndikudziwa kuti ndingapatukenso.

Chakumadzulo ndinatsimphina kupita kwa Che Bwanali kukapepesa za nsalu. Anaimitsa makina, n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi awo (enieni).

"Nsalu tichapanso, achimwene, sopo sanathe m'dziko muno. Koma chaka chathunthu khoma ili silinandibweretsere kuseka kwa alamu. Mawa ndiyanika zina pomwepo, mudzagwenso."