Tsiku Limene Ndinakwecha Kachitsulo ka Boma

Pali zinthu ziwiri zimene munthu wa kuno sangandiphunzitse: ukhondo ndi kuyankhula momveka. Ine ndikaitana munthu pa Linthipe, wa ku Chongoni amatembenuka. Koma linalipo tsiku limodzi limene mawu amenewa anandiuma pakhosi ngati mbatata yopanda madzi. Nkhaniyi ndakhala ndikuikana zaka zambiri. Tsono poti ena ayamba kuifotokoza pamaliro mokhotetsa, ndati ndiinene ndekha mwini wake.

Nthawi imeneyo ndinali kapitawo wa panja pa kachipatala kena ka masisitere kumapiri kuno. Osesa, olima maluwa, odula nkhuni, onse ankamvera ine. Sukulu ndinalekeza Sabu B, kalasi yachiwiri chabe, sindibisa, koma bwalo langa mukanatha kudyerapo popanda mbale.

Unali mwezi wa chisanu, chija cholowa mpaka m'mano. M'chipinda cha amayi oyembekezera munalibe mabulangete okwanira, ena ankagona pamphasa. Ndiye kunamveka kuti anthu achifundo a kunja atumiza mabedi, mabulangete ndi mankhwala. Zinachedwa miyezi, poti ndi nkhondo ija ya ku Mozambiki katundu ankayenda mozungulira. Lachiwiri lina masana tinangomva lole ikubuula pachitunda, itanyamula chibokosi chachitsulo chachikulu ngati nyumba. Akuti kontena. Ambiri aife kanali koyamba kuiona pafupi.

Dalaivala anamasula ngolo yake n'kuisiya pabwalo langa. Asanapite anandikokera kuchitseko cha kumbuyo, nandionetsa kachitsulo kolowetsedwa pa mpiringidzo. Kanali ngati msomali wonenepa ngati chala, kokhala ndi mutu uku ndi uku, kopakidwa penti wachikasu. Pamutu umodzi panali manambala akuda, ang'onoang'ono.

"Madala, aka ndi kachidindo," iye anatero. "Osadula, osathyola, osapotokola. Odula ndi a kasitomu okha, a boma oona katundu wolowa m'dziko, akubwera Lachisanu. Mwamva?"

"Mwanawe," ndinamuyankha, "ine ndinayang'anira zitsulo ku migodi iwe usanabadwe. Pita bwino."

(Ku migodi ndinapitadi, koma ndinkakankha ngolo. Zimenezo iye sanafunse.)

Madzulo ake Sisitere Marita, amene anali mkulu wa pamalopo, anandiitana. "A Kapitawo, Lachisanu kubwera munthu wa boma. Ndikufuna chilichonse chiwale."

Inu a masiku ano simudziwa kuti mlendo wa boma chinali chiyani. Miyala ya m'mbali mwa njira inkapakidwa laimu. Mitengo inkapakidwa laimu mpaka m'chiuno. Galu akagona nthawi yaitali pamalo amodzi, nayenso ankapakidwa. Ndiye Lachitatu lonse tinasesa, tinapaka, tinatsuka kontena yonse ndi zidebe za madzi mpaka inaoneka ngati yatsopano. Nditaima patali kuti ndione ntchito yanga, diso linagwera pa kachitsulo kaja. Kanali konyansa. Girizi, fumbi la maiko atatu, ndi dzimbiri m'mphepete. Ndipo pamalo onse, pamene bwanayo adzayang'anitsitse ndi pomwepo.

Ndinaganiza bwinobwino, musati ndinangothamangira. Dalaivala anati osadula, osathyola, osapotokola. Kodi anati osatsuka? Sanatero. Sisitere anati chilichonse chiwale. Kodi anati kupatula kachitsulo? Sanatero.

Ndinayamba ndi sopo ndi kansanza. Girizi anangoseka. Ndinatenga phulusa, mchenga wa kumtsinje ndi chitsononkho, monga amachitira amayi ndi mapoto. Apo zinayamba kuyenda. Girizi anachoka, koma penti wachikasu uja anayamba kusupuka, kachitsulo n'kukhala mawangamawanga ngati mbuzi ya nkhanambo. Munthu sungasiye ntchito ili choncho. Lachinayi m'mawa ndinapita kwa kalipentala kukabwereka sanipepa.

Abale, kanawala. Kanawala ngati chikho cha pa guwa. Ndinkadziona mphuno.

Ndili chiimire kusirira, anafika alamu anga a Zakeyu, amene anakwatira mlongo wanga ndipo ankaphika kwa masisitere. Munthu ameneyu anafika Sitandade 4, ndipo sankalola kuti dziko liiwale.

"Alamu, mwagula mphete?" anatero.

"Onani ntchito ya amuna, inu otsuka mbale."

Anawerama, nayang'ana, nazungulira mbali inayo. Kenaka anaimirira pang'onopang'ono atagwira pakamwa.

"Nanga manambala ali kuti?"

"Anapita ndi litsiro. Vuto n'chiyani? Manambala si awo ali pakhomapo, akuluakulu, oti ngakhale wakhungu awerenga?"

"Mayo ine, mlongo wanu wataya mchimwene," a Zakeyu anatero. "Alamu, munthu wa kasitomu sabwera kudzaona kuwala. Amabwera ndi pepala. Pa pepalapo pali nambala. Ikafanana ndi ya pa kachitsulo, ndiye kuti chitsekereni kutsidya kwa nyanja palibe watsegula. Ikapanda kuoneka, ndiye kuti wina anadula chenicheni, anaba katundu, n'kuikapo china. Tsono winayo ndani? Amene wakhala akugwiragwira masiku awiri anthu onse akuona."

Masiku amenewo mawu akuti wasokoneza katundu wa boma sanali mawu oseweretsa. Munthu ankakwezedwa galimoto atavala malaya amodzi, abale ake n'kumangonena kuti anapita kukacheza. Ndipo ine, munthu woyambitsa nyimbo m'tchalitchi, wonyamula mtanda pa Lachisanu Loyera, ndikatchedwe mbava ya mabulangete a amayi apakati!

Munthu wanzeru akanapita kwa Sisitere nthawi yomweyo. Ine ndinafunsa nzeru kwa a Zakeyu.

"Lembaninso," iwo anatero.

"Ndilembe chiyani? Ndinawawerenga ngati?"

"Koperani a pakhomawo. Mwina ndi amodzimodzi. Mwana amatenga dzina la bambo ake."

Zinamveka zanzeru. Tinapeza penti wakuda wotsala popaka mawindo, ndinasongola mtengo wa machesi. A Zakeyu ankawerenga pakhoma, ine n'kumalemba. Ndinawauza kuti alembe iwo, poti ndi ophunzira, koma anati dzanja lawo lili ndi mafuta. (Pambuyo pake ndinazindikira kuti mafutawo anali m'mutu: sankafuna kuti dzanja lawo lipezeke pamlandu.) Manambala oyamba ndinawalemba aakulu, malo n'kuchepa, otsirizawo ndinawapanikiza ngati anthu a m'basi ya ku Lilongwe. Penti anayenderera. Titamaliza, zinkaoneka ngati nkhuku yaponda phula n'kuyendapo.

"Zili bwino," a Zakeyu anatero, akuyang'ana kwina. "Akakhala wa maso ofooka, mwapulumuka."

Lachisanu m'mawa ndinavala mabuluku awiri ndi majuzi awiri, poti ndinamva kuti kundende kumazizira kuposa kwathu. M'thumba ndinaika kolona ndi khadi la chipani. Mayi a kunyumba anandiyang'ana.

"Kodi mwatupa?"

"Chisanu," ndinatero. "Mbuzi yaikazi ija musadzagulitse, ngakhale zitavuta."

"Mukupita kuntchito kapena ku Joni?"

Ndinangotuluka.

Galimoto ya boma inafika dzuwa litakwera. Ndinkapemphera kuti atsike mkulu wotopa, wofuna tiyi. Anatsika munthu wowonda, wa tayi, wa magalasi, woyankhula motsitsa ngati ali m'chipinda cha odwala. Anthu otere ndi oopsa. Anapatsana moni ndi Sisitere, nayamikira miyala ya laimu (mtima unagunda bwino pang'ono), natulutsa pepala m'chikwama n'kulunjika kuchitseko. Anamwino, odwala otha kuyenda, odikirira odwala, onse anatsatira. Ine ndinafika poyamba n'kuima kutsogolo kwa kachitsulo, manja kumbuyo, ngati msilikali.

"Bambo, tapatukani pang'ono."

Ndinasuntha phazi limodzi.

"A Kapitawo," anatero Sisitere.

Ndinapatuka.

Bwanayo anawerama. Anayang'ana kachitsulo, nayang'ana pepala. Anavula magalasi, nawapukuta ndi tayi, nawavalanso. Anakhudza ndi chala, chala n'kubwera chakuda, poti penti ndi chisanu chija anali asanaume.

"Walemba izi ndani?"

Ndinayang'ana kumene kunali a Zakeyu. Ndinangoona chitseko cha khitchini chikutsekeka.

"Ndine, bwana." Mawu amene anatuluka sanali anga. Anali a mwanapiye.

"Mwati?"

"Ndine. Kanali kakuda, ndiye ndinakatsuka. Manambala anachoka. Ndiye ndinawabwezera."

"Munawatenga kuti?"

Ndinaloza pakhoma la kontena. Mayi wina wapakati anaseka mpaka anzake anamugwira. Sisitere Marita sanaseke. Anatseka maso, milomo ikuyenda.

"Bambo," bwanayo anatero, "kufuta nambala ya chidindo ndi mlandu. Kulembapo ina ndi mlandu wachiwiri, woposa woyambawo. Nambala yeniyeni ikapanda kupezeka, kontena iyi sinditsegula, ibwerera kutauni, ndipo inu mukwera nane."

"Bwana, munthu uyu wagwira pano zaka khumi ndi zisanu," anatero Sisitere. "Ndi waphokoso, ndi wosamva, koma sanabepo ngakhale singano."

(Mpaka lero sindidziwa ngati ndithokoze umboni umenewo.)

"Ine ndimakhulupirira chitsulo, Amayi," iye anayankha. "Ndipatseni palafini ndi kansanza. Ndiponso ketulo ya pamoto."

Nditamva za ketulo ndinaganiza kuti mwina munthuyu ali ndi mtima, akufuna tiyi. Ndinakuwa kuti, "Alamu! Tiyi wa bwana!" A Zakeyu anatuluka ndi thireyi, makapu ndi shuga. Bwanayo anasiya zonsezo, nanyamula ketulo yokha n'kupaka chala chake chachikulu kunsi kwake, kumwaye.

Anapukuta manambala anga ndi palafini. Ntchito ya masana onse inatha kamodzi. Kenaka anapaka mwaye uja pamutu wa kachitsulo, natikita, napukuta pamwamba mopepuka ndi chikhato. Ndinayandikira. Pachitsulo chowalacho panayamba kuoneka timizere takuda, toonda ngati tsitsi. Manambala! Anali momwemo nthawi yonseyi, okumbika m'chitsulo, atangodzaza ndi fumbi la sanipepa wanga.

"Amayi, gwirani pepala. Ine ndiziwerenga, inu muzivomera."

Anatchula yoyamba. "Eya," anatero Sisitere. Yachiwiri. "Eya." Anthu onse anayamba kuvomera nawo ngati pa litaniya. Tinafika pa yotsiriza, bwanayo sanathe kuiwerenga. Pamenepo ndi pamene panali dzimbiri lambiri, pamene ndinakanikiza ndi mphamvu zanga zonse. Anapakanso mwaye. Palibe. Anapendeka mutu, natembenuzira kachitsulo kudzuwa. Thukuta linkatsika m'mabuluku onse awiri. Anauzira mpweya wa m'kamwa, napakanso kachitatu, nayang'ana nthawi yaitali moti ndinamaliza Tikuoneni Mariya awiri.

"Folo," iye anatero.

Sisitere anayang'ana pepala. "Eya!"

Nthungululu zinamveka mpaka kumsewu. Ine ndinangopezeka ndakhala pansi, pa mwala wa laimu. Bwanayo anatenga chilumo chachikulu m'galimoto, nadula kachitsulo kamodzi n'kamodzi, zitseko n'kutseguka. Munali mabedi, mabelo a mabulangete, makatoni, zonse monga zinalembedwera.

Akulongedza mapepala ake anandiitana pambali.

"Madala, opanga tinthu iti amadziwa kuti penti amachoka. N'chifukwa chake nambala amaikhomerera m'chitsulo. Wofuna kuifuta ayenera kukumba dzenje, ndipo dzenjelo limamuneneza. Mukanakwecha tsiku lina limodzi, mukanalikumba."

"Ndiye anaganizira za mbava," ndinatero, mawu atayamba kubwerera.

"Za mbava anaganizira. Za inu sindikhulupirira." Anatembenuza zidutswa ziwiri zija m'dzanja lake, naziponya m'envulopu. "Koma ndadula tambiri, sindinaonepo kowala chonchi."

Masana amenewo ndinanyamula mabedi ndi mabuluku anga awiri, osavula, kuopa mafunso. A Zakeyu anabwera kudzandigwira dzanja, akuti ankadziwa kuti zitha bwino, ndipo kukhitchini anathamangira kukandipempherera. Ndinawauza kuti mlongo wanga ndikamutenga, ana ndiwasiyira. Sisitere sanandikalipire. Anangonena kuti kuyambira tsiku limenelo sanipepa azikhala mu ofesi mwawo, wofuna azikapempha ndi kunena chimene akufuna kukwecha. Lamulo limenelo linagwira anthu onse, koma aliyense ankadziwa mwini wake.

Ndinaphunzirapo, sindikana. Chinthu cha boma chikabwera chakuda, chisiyeni chakuda, litsiro lakelo mwina lili pa pepala. Koma amene mumafotokoza nkhaniyi pamaliro, muzifika nayo kumapeto. Munthu wa boma, wa tayi, woyenda dziko lonse, ananena ndi pakamwa pake kuti sanaonepo kowala chonchija. Pamenepo mumadumphapo dala.