Jekete ya Amalume a Nasir Yalowa mu Sayansi

Inu anzanga, siyani kaye zimene mukuchitazo, tamverani! Ine Hidaya wa kwa Mpama, yemwe uja mumamuseka kuti amagona pa masamu, dzina langa latuluka mu magazini ya asayansi imene imawerengedwa mpaka kunja! Mtima ukuchita kugunda ngati ndathamanga kukwera phiri la Chiradzulu. Koma dikirani ndiyambe poyambira, chifukwa padatsala pang'onong'ono kuti zonsezi zithere m'mimba mwa mbuzi.

Achemwali anga a Ruqaiya amaphunzira ku yunivesite mu tauni. Ntchito yawo ndi yisiti, timoyo ting'onoting'ono timene timafufumitsa buledi tija. Iwo adapeza mtundu wina pa makoko a masuku a kuseri kwa nyumba kwathu, ndipo wokwera mumtengomo ndinali ineyo, mpaka diresi langa la sukulu lidang'ambika. Yisiti ameneyu saopa kutentha, amafufumitsa fulawa ngati walipidwa. Achemwali adalemba zonse n'kutumiza ku magazini. Akuluakulu a kumeneko adayankha kuti ntchito ndi yabwino, koma abwereze kuyesa kamodzi kokha, apo ayi sasindikiza.

Ndiye mukudziwa magetsi athu. Adazima nthawi yaitali, firiji ya ku labu n'kutentha, yisiti yense n'kufa. Achemwali adandiimbira foni.

"Hidaya, thamanga kwa amalume. M'firiji ya m'sitolo mwawo ndidasiyamo kabotolo. Kakasowa kameneko, ntchito yanga yonse yapita."

Ndidafika kwa amalume a Nasir ndili wefuwefu. Kutsegula firiji, mwangokhala mafizesi ofunda.

"Amalume, firijiyi siikuzizira!"

"Ndimaizimitsa masana, mwana iwe. Mayunitsi sagwa kumwamba."

"Nanga kabotolo ka achemwali?"

Adangoyang'ana kudenga. Amene adayankha ndi akazi awo, azakhali a Sakina, ali pa mbaula kukazinga mandasi.

"Kotuwa kaja? Iii, ndidaona kakuchita thovu, ndiye ndidati tisataye chinthu. Ndidathira mu fulawa. Taona mandasiwa, ngati mutu wa mwana! Tsiku lililonse ndimasiyako kafulawa kokandakanda kuti ndiyambire mawa."

Inu, ndidafuna kukomoka, koma achemwali pa foni adakuwa ndi chimwemwe. Akuti ndiye kuti yisitiyo akadali moyo mu fulawamo. "Tapa supuni imodzi yokha, uike m'kabotolo, usatseke kwambiri, pasakhale potentha, ubwere nako lero lomwe."

Apa ndi pamene amalume adadzuka pa mpando.

"Supuni? Banja la Nasir likapereke supuni kwa mapulofesa? Azikati kwa Mpama kuli njala? Sakina, thira kafulawa kako konseko, ukande ndowa yonse! Wonjezera shuga, kachilomboko kakafike kali ndi mphamvu."

"Amalume, achemwali anena kuti..."

"Achemwali akowo ndidawanyamula ali khanda."

Adavala jekete yawo ya bulauni, ija amavala pa Idi pokha, chipewa choyera kumutu, nsapato zopolisha mpaka kumaoneramo nkhope. Chivindikiro cha ndowa adachimanga ndi mphira ya njinga, kukulunga, kukulunganso, kuti mphepo ya m'njira isabe sayansi. Kunjatu kunali dzuwa lija la Novembala loti ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa yasa.

Pa Mbulumbuzi tidapeza minibasi. Kondakitala adati ndowa ipite kumbuyo.

"Kumbuyo ndi matumba a kabichi? Mphwanga, umu muli kafukufuku wa dziko lonse. Ndikhala kutsogolo."

Adakhaladi kutsogolo, pakati, pampando uja wa pamwamba pa injini, ndowa pamiyendo. Ine ndidapanikizika kumbuyo kwawo pafupi ndi mayi wina wogulitsa tomato, a Bernadetta, amene pakamwa pawo sipadziwa holide.

Tisanafike pa Njuli, ndowa idayamba kulira. Psiii. Psiii. Kenako kafungo kowawasa kadayamba kuzungulira m'galimoto. A Bernadetta adanunkhiza uku ndi uku.

"Achimwene a chipewa, pepanitu, koma kafungo aka ndikukadziwa. Masiku ano nanunso mwayamba kufulula?"

Minibasi yonse idafa ndi phwete. Amalume adatembenuka khosi lokha.

"Mayi, ine pakamwa panga sipadalowe dontho chibadwire. Iyi ndi sayansi."

"Eee, ndi mmene akuutchulira masiku ano? Amuna anganso madzulo amakaphunzira sayansi yomweyo."

Ine ndidanong'oneza, "Amalume, masulani pang'ono chivindikirocho." Iwo m'malo momasula adachikanikiza ndi zigongono zonse, kenako ndi chibwano. Chivindikiro chidatupa ngati mimba ya chule. Dalaivala adayamba kuyang'ana ndowa kuposa msewu.

"Bwana, chinthu chanucho sichiphulika?"

"Yendetsa galimoto, iwe."

Galimoto idangogunda kadzenje kamodzi. Phuu! Mphira idaduka n'kukwapula khutu la kondakitala, chivindikiro chidauluka pawindo, ndipo fulawa adatuluka ngati wakhala akudikira mwayi umenewu moyo wake wonse. Pagalasi, pa giya, pa ndevu za amalume, m'tomato wa a Bernadetta. Dalaivala adaimika galimoto akupukuta maso.

"Tsikani! Tsikani ndi phala lanulo!"

Adatitsitsa pamtetete, ndowa n'kuiponya kunja. Idagubuduzika mpaka m'ngalande. Ine ndidati bola, m'katimo mwatsalako. Koma pamene ndinkachotsa fulawa m'maso mwa amalume, mbuzi za eni ake zidafika. Inu, mbuzi za pa Njuli sizipereka moni. Mitu m'ndowa! Amalume adazithamangitsa ndi nsapato imodzi m'manja, akukuwa kuti "Kafukufuku! Kafukufuku!" Mbuzi ina idathawa ndowa ili kumutu. Titaipeza, ndowayo inali yoyera kuposa mmene adaigulira.

Zotsala pa malaya ndi pa ndevu zidauma gwa ndi dzuwa, ndipo amalume adazikwatula zonse ndi manyazi, akuti sangalowe mu tauni ngati wantchito wa m'chigayo. Tidakwera galimoto ina mwakachetechete. Aka kanali koyamba kuwaona amalume atakhala chete osagona.

Achemwali adatidikira pa geti atavala chovala chawo choyera cha ku labu. Adayang'ana ndowa. Adayang'ana ine. Misozi mbwe.

"Supuni imodzi, amalume. Ndidapempha supuni imodzi."

Amalume adavula chipewa, kuchitembenuza, kuchivalanso. "Mwana wa mlongo wanga, ine ndimafuna..." Adapisa dzanja m'thumba la jekete kuti atenge mpango apukute thukuta. Dzanja lidakana kutuluka.

Tonse tidayang'ana. Thumba lija linali litatupa ngati mwabisala papaya, ndipo pamwamba pake pankasuzumira kafulawa kofewa, kakupuma, kakukwerabe!

"Musagwedezeke!" achemwali adakuwa. "Amalume, imani choncho!"

Adawayendetsa pang'onopang'ono ngati mkwatibwi mpaka mu labu, dzanja lili m'thumba, ophunzira onse akusuzumira m'mawindo. Adatapamo bwinobwino, kulekanitsa yisiti wathu ndi tizilombo tina ta m'thumba la amalume, timene akuti tinalimo tambiri ndithu, ndipo kuyesa kuja kudatheka.

Ndiye dzulo achemwali abwera ndi mapepala ake, osindikizidwa! Adawerengera m'sitolo anthu atadzaza, akumasulira m'Chinyanja. Kumapeto kuli mawu othokoza: Hidaya, chifukwa chotola masuku. Ine ndidalumpha mpaka kugunda sikelo! Mayi Sakina, chifukwa chosunga yisiti wamoyo. Azakhali adaimba nthungululu. Amalume adakonza kolala, kutsokomola, kudikira.

"Ndi bambo Nasir, chifukwa cha thumba la jekete yawo."

"Thumba lokha?"

"Lakumanja, amalume."

Mukuganiza kuti adakhumudwa? Jekete ija aipachika pamwamba pa shelefu ya shuga, ndipo alamula kuti isachapidwe mpaka kalekale. Aliyense wogula machesi akumuonetsa thumbalo. M'mawa uno azakhali adaiyang'ana, n'kundikodola.

"Hidaya, kawauze amalume ako kuti asayansi ena afika."

Kuyang'ana, nyerere zili pamzere kuchokera pakhomo mpaka m'thumba. Lakumanja.