A Lufeyo Atseka Kalavati

Ana inu, chotsani timawaya tanuto m'makutu, ine sindibwereza. Aphunzitsi anu amati miyambi yonse inachokera kwa makolo akalekale. Iwowo analipo? Mwambi uwu unayamba motere, ndipo unayambira pompano, pa dambo la Kanyerere.

Kunali bambo wina dzina lawo a Lufeyo Nkhoma. Anakhala ku Joni zaka khumi ndi ziwiri, ndipo pobwerako anabwera ndi chipikapu chofiira cha dizilo, matayala anayi kumbuyo, chitcheni chokokera chili pamwamba pa katundu. Injini yake ikalira, nkhuku zinkathawira pansi pa nkhokwe. Sinali galimoto yonyamula anthu ayi. Nkhalamba ukaimika dzanja pamsewu, ankangokusiyira fumbi kuti ukadyere kwanu. Ntchito yake inali imodzi: kukoka magalimoto otitimira m'matope.

Tsono ntchitoyo inali ndi mwini wake kale. A Yotamu, achimwene a akazi awo a Lufeyo, anali ndi ng'ombe ziwiri zapagoli, Sajeni ndi Kapitawo. Dzinja lililonse ndizo zinkatulutsa timagalimoto pa dambo paja.

"Alamu," anatero a Lufeyo tsiku lina akusisita boneti, "muno muli mphamvu za ng'ombe mazana atatu. Zanu ziwirizo kaperekeni kwa abutchala zisanakalambe."

"Zikomo alamu. Mazana atatuwo amadya msipu?"

"Amamwa dizilo."

"Chabwino. Tidzawaona mvula ikagwa."

Koma chaka chimenecho mvula inachedwa. Novembala anatha, Disembala analowa, msewu uli gwa ngati mwala. Pikapu inangokhala pansi pa mtengo wa mango. Tsiku lina akazi awo, aNachisale, anatulutsa mazira asanu kuseri kwa mpando.

"ANkhoma, ng'ombe zanu mazana atatu zija zayamba kuikira."

A Lufeyo sanaseke. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Esinati, anali pafupi kukwatiwa, ndipo anapempha chinthu chimodzi: kukafika ku tchalitchi pa pikapu ya bambo ake. Nanga akuchimuna akadzafunsa kuti chigalimotochi chakokapo chiyani, adzayankha kuti chiyani? Mazira?

Choncho anayamba kulira mvula. Lamulungu lililonse, anthu akamapempherera minda, mawu a a Lufeyo ndiwo ankamveka mpaka kumsika.

"Ambuye, tsegulani kumwambako! Isakhale yowaza ayi. Ikhale yamvumbi, ya masiku atatu!"

Azimayi ankapukuta misozi, amvekere, "Joni wamutembenuza munthuyu." Osadziwa kuti chimene ankalira a Lufeyo si chimanga.

Kamvula koyamba katagwa, anathamangira ku dambo ndi pikapu, tcheni ali m'manja. Anadikira tsiku lonse. Maminibasi ankangodutsa, ena mpaka kuwaimbira hutala. Atasuzumira pansi anaona chifukwa chake. Chilimwe chomwecho aboma anali ataika kalavati, chipaipi chachikulu cha simenti, ndiye madzi onse ankadutsa pansi pa msewu, pamwamba pali pouma.

"Kani mdani wanga ndiwe," anatero a Lufeyo.

Tsiku la msika, anthu onse atapita, anatenga matumba asanu ndi atatu m'nyumba, nawadzaza mchenga, nawakankhira m'chipaipi muja. Pakamwa pake anaphimbapo ndi udzu. Kenaka dzuwa linawalanso sabata ziwiri, za ukwati zinachuluka, iwo za matumba nkuiwala.

Lachisanu, mawa lake ukwati, mvula inabwera ngati yotumidwa. Inagwa osalekeza mpaka Loweruka m'mawa. A Lufeyo anavina pabwalo malaya ali chonyowa.

"Ndikangotula mkwatibwi, ndibwerere ku dambo. Magalimoto ndikawapeza atandanda ngati mbuzi zapamsika!"

"Muyambe mwatula mwanayo," anatero aNachisale. "Abusa anati ikakwana teni koloko akupita. Ali ndi ukwati wina kutsidya."

Pikapu anaikongoletsa ndi timaliboni. Esinati anakhala kutsogolo ndi velo lake, azimayi kumbuyo akuimba ndi kululuta. Atafika pa Kanyerere anapeza msewu kulibe. Panali chinyanja chofiira, nsonga za udzu zokha zikuonekera.

"Ababa," anatero Esinati, "bwanji titsike, tizungulire kumtunda wapansi?"

"Mwana wanga, iyi ndi dizilo. Khala phee."

Anaika giya yamphamvu nalowa. Mita zoyamba zinayenda bwino, azimayi anakweza nyimbo. Koma madzi aja anali atagona pamsewu usiku wonse, dothi lafewa ngati phala. Ndipo injini ya dizilo, ana inu, ndi chitsulo cholemera kuposa ng'ombe yamphongo. Mphuno ya galimoto inangoti tibu! A Lufeyo anaponda moto. Matayala anayi akumbuyo aja anazungulira pamodzimodzi, akukumba dzenje, akumwaza matope pa zitenje zatsopano za oimba. Anapondanso. Chiutsi chakuda chinakuta dambo lonse. Kenaka injini inamwa madzi pamene imapumira. Inatsokomola katatu, nkuti zii.

Dizilo imapirira njala, imapirira katundu, koma ikamwa madzi yatha.

Tsono wokoka anzake akatitimira, amamukoka ndani? A Lufeyo anayang'ana kumsewu uku ndi uku. Panalibe galimoto ina, chifukwa madalaivala anzeru onse anali atabwerera poona madziwo. Wotchi inati naini koloko yadutsa. Esinati anayamba kulira chamumtima.

Pamenepo kunamveka mabelu. Anali a Yotamu pa ngolo yawo, atavala jekete, atanyamula migolo ya thobwa la ukwati. Anaimitsa ng'ombe, natsika mosafulumira.

"Alamu, mazana atatu aja agona?"



A Yotamu anapinda buluku nazungulira kumunsi kwa msewu. Anapeza kukamwa kwa kalavati kukungodontha. "Iii, mvula yonseyi, chipaipi chili ndi ludzu?" Anabwerera kumtunda, napisa ndodo m'madzi, ndodo nkugunda chinthu. Anaitana awiri mwa amuna amene anabwera kudzaonerera, nakoka. Linatuluka thumba. Pamimba pake panali zilembo za penti zikuluzikulu, zimene munthu amalemba kuti katundu asasokonekere pa ulendo wochokera ku Joni: L. NKHOMA.

Linatuluka lachiwiri. L. NKHOMA. Mpaka asanu ndi atatu, onse dzina limodzi. Madzi anayamba kuthamanga m'chipaipi ndi mkokomo, msewu nkuyamba kuonekera.

Kumbuyo kwa pikapu kunamveka mawu a aNachisale okha.

"ANkhoma. Si matumba anga aja munkati aba anyamata a kwa Chimbalanga?"

A Lufeyo anatsika, matope mpaka m'chiuno, suti ya ku Joni ili momwemo.

"Alamu, ndalakwa. Koma mwanayu ndi wanu, mwini mbumba ndinu. Abusa atisiya."

"Musapemphe ine. Pemphani Sajeni ndi Kapitawo. Za abutchala zija anazimva."

Munthu wamkulu, wa ndevu zake, anavula chipewa pamaso pa ng'ombe. "ASajeni, aKapitawo, pepani. Pakamwa panandilakwitsa." Kapitawo anangopitiriza kubzikula.

Anamasula ngolo, namanga goli ku chitcheni cha a Lufeyo chomwecho, chimene chinali chisanakokepo kanthu chibwerereni ku Joni. Amuna onse analowa m'matope kukankha. Ndipo ndikuuzeni, ena amene tinathyoka msana tsiku limenelo sitinalaweko ngakhale chipanda chimodzi cha thobwa lija. Anamwa ndi ovala nsapato zoyera. Dziko ndi lotero.

"Sajeni! Kapitawo! Tiyeni!"

Pikapu inati fwaa, nkutuluka. Injini inakana kudzuka, choncho ng'ombe zinangopitiriza nayo ulendo. A Lufeyo anagwira chiwongolero, kutsogolo kwawo kuli michira iwiri. Anafika pa tchalitchi abusa akumangirira kale Baibulo pa njinga yamoto. Abusawo anayang'ana ng'ombe, anayang'ana timaliboni, namasulanso Baibulo lija.

Esinati anatsika diresi lake lili mbuu, lopanda ndi kadontho komwe, ndipo anafikadi pa pikapu ya bambo ake monga anapemphera. Ukwati unadalitsidwa. Koma a Lufeyo analetsedwa kulowa m'tchalitchi, chifukwa azimayi a mvano anali atakolopa.

Potuluka, abusa anawapeza atakhala pa sitepe, matope akuuma pa suti.

"Bambo Nkhoma, si inu munkatigonthetsa m'kutu kupempha mvula ya masiku atatu? Nanga nkhope yagweranji? Mwayankhidwatu."

ANachisale ndiwo anawayankhira, akukonza duku lawo.

"Asiyeni abusa, alandira zonse zimene anaitanitsa. Walira mvula, walira matope."