Burito ya Mdzukulu Wanga wa ku Kepi

Inu amene mukuseka kumbuyoko, tasiyani kaye bawoyo mutembenuke, chifukwa ndakumvani mukunong'onezana kuti Mofati sangawiritse ngakhale madzi a tiyi. Wokayikayo aimirire pano pamaso pa anthu, atchule munthu mmodzi mu Bangwe muno, kuchokera ku Mvula mpaka ku Namiyango, amene anaphikapo burito. Palibe. Dzina lenilenilo mukulimvera kwa ine. Ndiye khalani pansi ndikuuzeni, ndipo ndikanama pena paliponse mphenzi indipeze ndili m'bafa.

Mwana wanga Esinati mukumudziwa, uja anapita ku Kepi kukagwira ntchito n'kukwatiwa konko. Ali ndi mtsikana, Lindiwe, wobadwira komweko, pano ali ku sekondale, ndipo ine agogo ake ndinali ndisanamugwirepo dzanja, ndinkangomuonera pa foni. Chaka chathachi Esinati anaimba kuti akubwera naye. Ndisanamalize kuvina, anawonjezera kuti adzafikira ku loji ku Limbe, kwathu adzangodutsa kudzapereka moni. Ati mwanayo ndi vigani: nyama sadya, nsomba sadya, dzira ayi, mkaka ayi, ngakhale majarini amayamba wawerenga chikutu chake. Ati kunyumba kwanga adzagona ndi njala.

Zinandipweteka, sindikubisirani. Chimwalirireni amake a Esinati m'nyumba muja mumangolira makoswe, chipinda chili chosesa bwinobwino, ndiye mdzukulu wanga akagone ku loji ngati alibe kwawo? Mwana amene sanadye m'nyumba mwako ndi munthu wodutsa basi. Ndinafunsa chimene amakonda. Esinati anaseka, ati burito, ababa, simungaithe, n'kunditumizira kanema. Ndinaonera kamodzi kokha n'kuzimitsa, poti ndinaona kuti ndi nyemba, mpunga ndi peyala zofunditsidwa chapati ngati khanda.

Nyembazo ndinakasankha ndekha mumsika wa Limbe, za kholophethe, imodziimodzi ndikuziyang'ana m'maso, yomwe inaphethira ndinaibweza, ndipo peyala lomwe ndinapeza kwa mayi wina wa ku Thyolo linali lalikulu moti kondakitala analikhazika pampando wakutsogolo n'kulimanga lamba, ine mwini wake n'kukapanikizika kumbuyo ndi thumba la makala, mpaka pa siteji anthu ankalilonjera poyesa ndi bwana amene galimoto yamufera panjira. Mukumva?

Tsikulo magetsi anazima m'mamawa monga mwa masiku onse, makala ali onyowa, mbaula ikungofuka. Wina akanalira. Ine ndinakoka mpweya n'kuuzira, ndipo chifunga chonse chomwe chinali pa phiri la Bangwe chinasamukira ku Chiradzulu, zochapa zinauma pa zingwe mpaka ku Machinjiri, moto n'kuyaka wa buluu, nyemba n'kuyamba kubwata mokweza moti a kwaya a tchalitchi cha kumtunda kwathu anasiya ng'oma yawo n'kumatsatira poto wanga. Mpunga ndinangouyang'ana, unapsa wokha ndi mantha. Nditakazinga anyezi ndi tomato m'mafuta, n'kuthiramo nyemba zija, mchere, ndi kambuzi pang'ono, fungo linatsika msewu wonse mpaka ku Limbe, maminibasi omwe anali atanyamuka anayamba kubwerera chammbuyo madalaivala asakudziwa, ndipo phiri la Ndirande linayetsemula. Kafunseni a ku Ndirande chomwe chinagwetsa mango osapsa chaka chatha.

Koma zonsezo ndi masewera, ntchito inali pa chapati. Ufa wa tirigu, madzi ofunda, mchere, timafuta, basi. Ndinakanda ndi manja awawa, omwe ananyamula njanji pa Limbe inu musanabadwe, ndipo popeza ndinalibe kamtengo kofalitsira ndinatenga botolo. Ndikafalitsa uku chikupita, ndikafalitsa uko chikupita, chinatsika patebulo, chinatulukira pakhomo, chinakwera mpanda, chinakaphimba dimba la aneba, ine ndikuthamangira pambuyo ndi botolo langa, mpaka ndinachigwira mchira chili pafupi kuwoloka msewu. Ndinachiwotcha pa chiwaya chobwereka kwa a tchipisi. Mbali imodzi itapsa ndinachiponya m'mwamba kuti chitembenuke, abale inu, chinakwera, chinakwera, n'kuphimba dzuwa, nkhuku za ku Chilomoni zinalowa m'khola, alonda a ku Maselema ananyamula zibonga kupita ku ntchito, ndipo pomwe chimatsika mbali inayo inali itapsa kale ndi dzuwa, mawangamawanga ake okongola. Mukumva? Iwe wa chipewa, tseka pakamwa, mulowa ntchentche.

Tsopano apa mvetserani, chifukwa apa ndi pomwe zinatsala pang'ono kuwonongeka. Dzuwa likupendeka takisi inaima pageti. Anatuluka Esinati, kenaka kamtsikana kakataliko, kuyenda kwake ndendende agogo ake aakazi. Ine ndinali nditalumbira kuti nkhuku sindikhudza. Koma manja a munthu wa kuno ali ndi nzeru zawozawo. Inu mukudziwa, mlendo wolemekezeka akafika timamugwiritsa nkhuku yamoyo, aione, aimve kulemera, kenaka ipite kuseri. Sindikudziwa kuti zinachitika bwanji, ndinangozindikira tambala wanga wofiira ali m'manja mwanga, ine nditawerama, ndikumupereka kwa mwana ndi manja awiri.

Analandira akumwetulira, n'kufunsa mayi ake m'Chingerezi kuti zikutanthauza chiyani. Esinati anamuuza zoona. Mwana anakumbatira tambala uja pachifuwa, misozi n'kulengeza, n'kubwerera chammbuyo mpaka kukatsamira geti. Wa takisi anali asanazimitse injini.

"Ababa, ndinakuuzanitu," anatero Esinati motsitsa mawu. "Lindiwe, siya nkhukuyo tizipita."

Ndinatambasula manja kuti mwanayo aone kuti mulibe kanthu.

"Mpeni uli kuti apa?" ndinatero. "Umuuze kuti tambalayo ndi wake, ndamupatsa wamoyo ndipo akhala wamoyo mpaka adzayendere ndodo. Chakudya chake chili m'nyumba. Angolowa aone, akakana muzipita."

Analowa, tambala ali m'khwapa. Patebulo panali nyemba, mpunga, peyala losakaniza ndi mandimu ndi anyezi, kabichi wodula bwino, ndi chapati. Musandifunse kuti chapati chachikulu chonchija chinakwana bwanji m'mbale, zinthu zikazizira zimafota. Chinafota kwambiri, chinatsala ngati chikhatho changachi, chokhota, m'mbali chitapserera, ndipo tizinzake tomwe ndinaunjika pansi pake tinali chimodzimodzi. Ndinati ndionetse ukatswiri, ndinadzaza chimodzi mpaka pamwamba n'kuyamba kukulunga. Chinang'ambika pakati, nyemba zonse thapsa pa thalauza langa la ku tchalitchi.

Kenaka mwana anaphulika kuseka, kuseka kwenikweni kogwira m'mimba. Anaika tambala pansi, anasamba m'manja, anakoka mpando n'kukhala moyandikana nane. Anatenga chapati china, n'kuika mpunga pang'ono, nyemba pang'ono, peyala pamwamba, n'kugwira zala zangazi kuzionetsa kuti umayamba wapinda m'mbali, kenaka n'kukulunga kuchokera pansi.

"Pang'ono pang'ono, agogo," anatero m'Chichewa chake chopunduka.

Kameneko kanali koyamba kundiitana agogo ndili pafupi. Analuma, anatafuna, kambuzi anamutulutsa thukuta pamphuno, koma sanasiye, anamaliza n'kutambasulira dzanja china. Esinati anatiyang'ana, kenaka anadzuka n'kutuluka panja. Ndinamumva akuuza wa takisi kuti atsitse zikwama.

Ndiye anyamata inu, zinazo chotseranipo momwe mungafunire, sindikukanizani, mwina pena ndakometsera. Koma m'mawa mwake ndikusesa pabwalo, zenera la chipinda chomwe chinakhala chotseka zaka zonsezi linatseguka, mutu wosapesa n'kusuzumira, n'kufunsa ngati nyemba zatsalako. Apo sindinawonjezere ngakhale kamchere. Disembala Lindiwe akubwera yekha, wanena kale kuti ndigule ufa wambiri, ndipo amene akuti Mofati ndi wabodza adzabwere ndi mbale yake.